Musanaitanitse katana, kaoneni kaye wosula wa pa Chimbiya

Pali kachilakolako katsopano komwe kalowa m'mafoni mwa achinyamata, ndipo kamayamba ndi kavidiyo ka masekondi 30. Munthu wavala zakuda, wasolola lupanga lonyezimira, wadula botolo la madzi pakati, theka la m'munsi n'kutsala chiimire ngati silinakhudzidwe. Mukangoonera kawiri, TikTok yakudziwani kale. Mawa lake ikubweretserani wina atayala malupanga asanu a ku Japan patebulo, akuwayerekeza limodzilimodzi: ili n'lopepuka, ili limapindika koma silithyoka, ili n'longokongoletsera khoma. Sabata isanathe, mnyamata wa pa Chimbiya yemwe sanagwirepo lupanga chibadwire akukangana ndi mnzake wa ku Area 25 pa WhatsApp kuti katana yabwino ndi iti. Wina wayamba kale kufunsa anthu oitanitsa katundu ku China kuti ingafike pa ndalama zingati.

Sindikuseka aliyense. Ife tinakulira m'mavidiyo shoo, tikuonera maninja omasuliridwa m'Chichewa, potuluka n'kumathyola mapesi a chimanga kuti tionane. Ang'ono athu akukulira pa Demon Slayer ndi Zoro wa mu One Piece, uja wa malupanga atatu. Chidwi n'chomwechija, changosintha poonera.

Komabe ndili ndi pempho kwa inu amene mwayamba kusunga ndalama. Dikirani kaye. Chomwe chinapatsa ulemu lupanga la ku Japan n'zimene dzikolo linachita nalo, pakuti kuthwa kokha ngakhale chikwanje chonola bwino chili nako. A Japan analichotsa lupangalo mumsewu, analemekeza wolisula, ndipo achinyamata anawapatsa nsungwi ndi malamulo. Kuno kwathu zitatu zonsezi zili mozondoka. Chitsulo chakuthwa chili mumsewu, wosula timamudutsa osamupatsa ndi moni womwe, ndipo malo ophunzirira ndi owerengeka. Kuonjezera katana pa zinthu zoterezi n'kuthira mafuta pamoto woyaka kale.

Kodi akuyerekeza chiyani kwenikweni?

Tiyambe ndi manambala amene amakusokonezani aja. Mukamva 1045, 1060 kapena 1095, manambala awiri omalizawo akunena kuchuluka kwa kaboni m'chitsulomo. Cha 1045 chili ndi kaboni pafupifupi 0.45 peresenti, cha 1060 chili ndi 0.60, cha 1095 chili ndi 0.95. Kaboni akachuluka chitsulo chimalimba ndipo chimachedwa kubuntha, koma wosula akalakwitsa pochiziziritsa chimathetheka ngati galasi. Palinso 5160 ndi 9260, zomwe ndi zitsulo za masipulingi. Zimenezi zimapindika n'kubwerera m'malo mwake, n'chifukwa chake oyamba kumene amazikonda. Dzina loti masipulingilo mulisunge, likumana nafenso pa Chimbiya.

Malupanga ambiri otchipa omwe mumaona pa intaneti sachokera ku Japan. Amapangidwa ku China, makamaka mu mzinda wa Longquan m'chigawo cha Zhejiang, komwe ntchito yosula malupanga ndi yakalekale. Ena mwa iwo ndi abwino ndithu. Oopsa ndi aja onyezimira kwambiri koma otsika mtengo zedi, opangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri chonga cha masupuni. Chitsulo chotere chikatalika sichipirira kumenya. Choipitsitsa chimabisala m'chigwiriro. Mukachimasula mumapeza kachitsulo kowonda ngati waya kongowotcherera. Mukazunguza mwamphamvu, lupanga limasiyana ndi chigwiriro n'kuuluka, ndipo amene waima kutsogolo kwanu akukujambulani ndiye woyamba kulilandira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Katana yeniyeni chitsulo chake chimalowa chathunthu m'chigwiriro, ndipo chimagwidwa ndi kamsomali ka nsungwi kotchedwa mekugi. Tangoganizani: lupanga lotalika kupitirira masentimita 60, lolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, likudalira kansungwi kosaposa chala. Wophunzira aliyense amauzidwa kukayang'ana asanayambe masewero. Makolo athu anaziona kale zimenezi ponena kuti nkhwangwa ikhulupirira mpini.

Koma nachi chimene mavidiyo aja sakuuzani. Anthu amene amaphunziradi luso la lupanga sayamba ndi lupanga lakuthwa. Wa kendo amagwira shinai, yomwe ndi timizere tinayi ta nsungwi tomangidwa pamodzi. Pophunzira kaimidwe ndi kayendedwe amagwira bokken, lupanga losema pamtengo. Wa iaido, luso losolola lupanga ndi kulibweza m'chimake, amagwira iaito. Iyi imaoneka ngati katana koma ndi yobuntha, ndipo kawirikawiri imakhala ya aluminiyamu wosakaniza ndi zinki. Lakuthwa, lomwe amati shinken, munthu amalikhudza patapita zaka, mphunzitsi wake atakhutira. Iwowa akamayerekeza malupanga amafunsa ngati kutalika kwake kukugwirizana ndi msinkhu wawo, ngati kulemera kwake sikuwononga mkono, ngati chigwiriro chamangidwa molimba. Za kudula botolo ndi za ofuna ma like.

Wosula amene boma limamudziwa dzina

Chitsulo cha katana yeniyeni chimatchedwa tamahagane, ndipo chimachokera ku mchenga wakuda wachitsulo. Amachiyenga m'ng'anjo yadothi yotchedwa tatara. Yodziwika kwambiri ili ku Okuizumo m'chigawo cha Shimane, ndipo bungwe loteteza malupanga a ku Japan linaiyatsanso mu 1977 poona kuti lusoli likutha. Amaiyatsa m'nyengo yozizira, kangapo kokha pachaka. Moto umayaka masiku atatu usana ndi usiku, anthu akuthira mchenga ndi makala mosinthanitsa. Mchenga wokwana matani pafupifupi 10 ndi makala matani pafupifupi 12 zimatulutsa chibuma cha chitsulo chosapitirira matani atatu, ndipo pomaliza ng'anjoyo amaigumula kuti achitulutse.

Wosula amatenga zidutswa za chibumacho, amaziwotcha, amazisula, amapinda, n'kusulanso. Akapinda ka 15 ndiye kuti chitsulocho chili ndi mizere yopitirira 32,000. Palibe zamatsenga apa. Chitsulo cha m'ng'anjo yadothi chimatuluka ndi zinyalala, ndipo kupindako ndi njira yozifinyira kunja. Kenaka amapaka dothi, lochindikala kumsana, lopyapyala kokuthwa, n'kuliviika lupangalo m'madzi lili psuu. Kokuthwa kumazizira msanga n'kulimba, kumsana kumazizira pang'onopang'ono n'kukhala kofewerako. Mzere wokhotakhota womwe osonkhanitsa malupanga amaukonda, hamon, umabadwira pamenepo. Kupindika kwa katana nakonso mbali yaikulu kumachokera pomwepo.

Tsono mverani za munthu wake. Ku Japan sungangodzuka n'kuyamba kusula katana. Uyenera kuphunzira kwa mmisiri wovomerezeka kwa zaka zosachepera zisanu, kenaka n'kukayesedwa ndi nthambi ya boma yoona za chikhalidwe. Ukalandira chilolezo, sukuloledwa kusula malupanga aatali opitirira awiri pamwezi, kuti changu chisaononge ntchito. Wonola ndi mmisiri winanso payekha, wophunzira ntchito yake zaka pafupifupi khumi. Wosema chimake ndi wina, woluka chigwiriro ndi wina. Wosula amalemba dzina lake pachitsulo cholowa m'chigwiriro chija, ndipo amisiri ena boma linawapatsa ulemu woti ndi chuma chamoyo cha dziko. Masamune anasula malupanga ake ku Kamakura zaka pafupifupi 700 zapitazo, koma mpaka lero mwana wasukulu ku Japan amalidziwa dzinalo.

Ndiye funso langa kwa inu: chikwanje chomwe chili kuseri kwa chitseko kwanu, kapena nkhwangwa yomwe amayi amawazira nkhuni, mukudziwa anasula ndani?

Mmene analichotsera mumsewu

Tisanamizane kuti lupanga la ku Japan lakhala loyera chiyambire. Lili ndi magazi ake ambiri. Mu 1588 wolamulira Toyotomi Hideyoshi analanda malupanga kwa alimi, cholinga chake chinali choti asamuukire. Kwa zaka pafupifupi 300 zotsatira, kuyenda ndi malupanga awiri m'chiuno chinali chizindikiro cha samurai, ndipo munthu wamba ankayenda mwamantha. Mu 1876 boma latsopano la Meiji linaletsa kuyenda ndi lupanga pagulu, kupatula asilikali, apolisi ndi ovala za mwambo wa boma. Asamurai ena sanakondwe, mu 1877 anaukira ku Satsuma, koma anagonja. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse lupangali linabwereranso m'manja mwa asilikali, ndipo anthu a ku China ndi maiko ena a ku Asia sanaiwale nkhanza zomwe linachita.

Japan atagonja mu 1945, asilikali a America analamula kuti malupanga aperekedwe. Ambiri anaonongedwa, ena anapita kunja. Lupanga lotchuka kwambiri, Honjo Masamune, linaperekedwa kupolisi ya Mejiro mu mzinda wa Tokyo mu December chaka chomwecho, ndipo silinaonekenso mpaka lero. Kendo nayo inaletsedwa kwa zaka zingapo. Itabwerera, ndi bungwe lake lomwe linakhazikitsidwa mu 1952, inabwera ngati masewero omanga khalidwe la munthu. Lamulo la 1958 ndi lomwe likugwira ntchito mpaka pano. Katana iliyonse iyenera kukhala ndi chiphaso chake chochokera ku ofesi ya maphunziro ya chigawo, chifukwa amaiwerenga ngati ntchito yaluso. Ndipo kupezeka mumsewu ndi mpeni wotalika kupitirira masentimita 6 popanda chifukwa chomveka ndi mlandu.

Eni ake a katana ndi amenewo. Lakuthwa analitsekera m'kabati, ana awo anawapatsa nsungwi. Kuyambira mu 2012, mwana wa sukulu ya sekondale yoyambirira ku Japan amayenera kuphunzirako masewero a makolo monga judo, kendo kapena sumo. Mu kendo umayamba ndi kuweramira mnzako, umamalizanso ndi kumuweramira. Kumenya pamalo oyenera pakokha sikukupatsa chigoli. Mawu, thupi ndi nsungwi ziyenera kufika nthawi imodzi, ndipo ukamenya uyenera kukhalabe tcheru mwaulemu. Ukangolumpha kusangalala ngati wagoletsa pa Bingu Stadium, oweruza akhoza kukulanda chigolicho. Ngakhale nthano ya katswiri wawo Miyamoto Musashi imati pa nkhondo yake yotchuka ya mu 1612 anapambana ndi mtengo womwe anausema pa nkhafi ya bwato.

Kwathu kuno lakuthwa lili pamsewu

Ife lupanga lathu ndi chikwanje, ndipo mbiri yomwe tachipatsa m'zaka zapitazi ndi yochititsa manyazi. Pa 19 July 2011, kutatsala tsiku limodzi kuti zionetsero za pa 20 July zichitike, anyamata anazungulira mu mzinda wa Blantyre pa magalimoto a chipani cholamula cha nthawi imeneyo, akunola zikwanje pamsewu kuti aliyense aone. Maboma anasintha, chikwanje sichinasinthe. Pa 26 June 2025, mu mzinda wa Lilongwe, anthu onyamula zikwanje anavulaza Sylvester Namiwa wa bungwe la CDEDI pa zionetsero, dzuwa likuswa mtengo, achitetezo ali pomwepo. Kanema wake munamuona pa foni yomweyo imene mukuonera makatana.

Onyamula zikwanjewo ndi amsinkhu wathu. Ndi anyamata ofanana ndi amene timakwera nawo kabaza, amene timaonera nawo mpira. Akuluakulu owatuma sagwira chikwanje, ana awo ali kusukulu zabwino. Mnyamata amalandira kangachepe ndi kamowa, mawa zinthu zikatembenuka ndi iyeyo amene nkhope yake ili pa Facebook. Mawu oti "anyamata a zikwanje" alowa m'chilankhulo chathu ngati dzina la ntchito. Onjezerani mbava zothyola nyumba usiku, mikangano ya malo, ndewu za kumowa. Aliyense wa ife akudziwa munthu yemwe ali ndi chipsera.

Malamulo oletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka tili nawo kale. Chomwe chimavuta n'choti amaluma ena, ena amangowanyambita. Ndiye m'dziko lotere, mnyamata akaitanitsa lupanga lakuthwa popanda mphunzitsi, popanda malo ophunzirira, akalisunga kuti? Akaligwiritsa ntchito yanji tsiku lomwe wakwiya? Mng'ono wake wa zaka zisanu ndi zitatu akalipeza pansi pa bedi, zitha bwanji? Ku England ndi Wales boma linaletsa kugulitsa malupanga opindika otalika masentimita 50 kupita m'tsogolo mu 2008, zigawenga zitayamba kugwiritsa ntchito makatana otchipa. Anasiyako mpata wa a masewero ovomerezeka ndi malupanga osulidwa mwa makolo. Anaona okha kuti vuto linali lupanga lotchipa m'manja mwa munthu wosaphunzitsidwa.

Masamune wathu amakhala pansi pa mtengo

Tsopano tibwere pa Chimbiya. Ambiri a inu mumapadziwa ngati malo omwe basi imaima pa msewu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Dedza, anthu n'kuthamangira kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi. Koma dzifunseni kuti mbewu zimenezo zalimidwa ndi chiyani. Kuseri kwa mulu uliwonse wa kachewere kuli khasu, nkhwangwa, chikwanje, chikwakwa. Zina ndi za kufakitale, koma zambiri zadutsa m'manja mwa wosula wa m'mudzi, kaya pozipanga, kaya pozikonza zikatha.

Tsiku la msika tsikani basi, mudutse pa ndiwo zamasamba, mufike pomwe ayala makasu, nkhwangwa, mipeni ndi nsompho pansi. Funsani kuti wasula ndani, akulozerani. Mukafika pachipala chake mudzapeza makala, mvukuto kapena kagudumu ka njinga kopemerera moto, nyundo, tupa, ndi chitsulo cholemera chosulirapo. Pambali pali mulu wa masipulingi a magalimoto akutha. Chitsulo cha masipulingi chomwe anthu a pa YouTube amachitamanda chija, bambo ameneyu wakhala akuchisula kuyambira inu musanabadwe. Alibe chipangizo choyezera kutentha. Amayang'ana mtundu wa chitsulo pamoto n'kudziwa kuti chapsa. Amadziwa kuti nkhwangwa ikalimba kwambiri imabenthuka pa mtengo wouma, ikafewa kwambiri imapindika. Funso lomwe wosula wa ku Japan amalimbana nalo, loti kokuthwa kulimbe koma chida chisathyoke, ndi lomwelo limene iye amaliyankha tsiku ndi tsiku.

Kusiyana kwake n'koti wathuyu salemba dzina pa ntchito yake. Timamunenerera mtengo mpaka atsale opanda phindu. Mwana wake safuna kuphunzira ntchitoyo chifukwa anzake amuseka. Akamwalira, zonse zomwe manja ake ankadziwa zimapita naye kumanda.

Chonsecho boma la Dedza lomweli lili ndi mbiri ya chitsulo yomwe tikanayenera kuinyadira. Likulu la Kalonga wa Amaravi, Mankhamba, linali kufupi ndi Mtakataka. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopo n'kupeza zida zachitsulo, zamkuwa, minyanga ya njovu, mikanda ya kunja, ngakhale zidutswa za mbale za ku China. Makasu a Amaravi ankayenda malonda mpaka kuchigwa cha Zambezi. David Livingstone atafika kwa Amang'anja mu 1859 anapeza ng'anjo, owotcha makala ndi osula m'midzi yambiri. Ena amati dzina lenilenilo loti Malawi likukhudzana ndi malawi a moto wa ng'anjo zimenezi. Makolo athu ankayenga chitsulo kuchokera ku miyala, m'ng'anjo yadothi, ndi makala ndi mivukuto, monga momwe tatara imachitira. M'nthawi ya atsamunda makasu a kufakitale ndi zitsulo zotayidwa zinachuluka, ng'anjo zinazima. A Japan yawo itatsala pang'ono kuzimiratu anaiyatsanso dala. Ife yathu tinangoisiya. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ngakhale nzeru yosandutsa nkhondo kukhala masewero si yachilendo kuno. Angoni a kwa Gomani ndi a kwa Kachindamoto anabwera ndi nthungo, chishango ndi chibonga. Inkosi Gomani Chikuse anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, nkhondo zinatha, koma zida zija sizinatayidwe. Zinalowa m'bwalo la ngoma, momwe mwamuna amaponda pansi mpaka fumbi koboo, chibonga m'manja, popanda wovulala. Beni, mganda ndi malipenga anatenga perete wa asilikali n'kumusandutsa gule. Makolo athu ankadziwa kuti mphamvu za mnyamata zikasowa bwalo zimakatulukira pena.

Ena anena kuti

Ndikudziwa, wina ayankha kuti ndalama ndi zake, ndipo kusonkhanitsa malupanga si mlandu. Zoona. Pali anthu padziko lapansi amene amasunga malupanga mwaulemu, m'kabati yokhoma, akudziwa mbiri ya lililonse. Sindikuti boma liletse. Ndikungoti yang'anani zomwe mukugula. Katana yatsopano yosulidwa ndi mmisiri wovomerezeka ku Japan kawirikawiri imayambira pa yen 1 miliyoni kupita m'mwamba. Yomwe thumba la ambiri a ife lingakwanitse ndi ya kawaya m'chigwiriro ija. Muonjezere mtengo wotumizira, msonkho wa MRA, ndi kusowa kwa ndalama zakunja komwe kwatipanikiza chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Mapeto ake mwalipira ndalama ya matumba a feteleza pogula chinthu chomwe mphunzitsi aliyense wa kendo angakuuzeni kuti musalowe nacho m'bwalo lake.

Wina ati chikwanje ndi chida cha kumunda, simungachiyerekeze ndi lupanga. Ndi pomwepo pali mfundo yanga. Chikwanje sitingachiletse ndipo sitiyenera kutero, chifukwa chimadyetsa dziko. Chomwe tingasinthe ndi munthu wochigwira, komanso manyazi omwe ayenera kumva akachitengera kumsonkhano wa ndale. Manyazi amenewo saphunzitsidwa ndi apolisi okha. Amaphunzitsidwa pomwe mnyamata wagwira chida, wamkulu n'kumuuza kuti weramira mnzako kaye.

Winanso ati kendo ndi masewero a anthu olemera, zovala zake zodzitetezera n'zodula. Izi n'zoona, ndipo sindibisa. Koma kendo ilipo kale m'dziko muno. Inafika mu mzinda wa Blantyre m'zaka za m'ma 1990 kudzera mwa anthu ongodzipereka ochokera ku Japan, omwe dzikolo lakhala likuwatumiza kuno kuyambira mu 1971. Pali bungwe la Kendo Association of Malawi, ndipo ofesi ya kazembe wa Japan yakhala ikuthandiza mipikisano. Amalawi anzathu akhala akusewera kwa zaka zoposa 30 tsopano. Komanso miyezi yoyambirira ya kendo safuna zovala zodula. Ndi mapazi, kaimidwe, ulemu, ndi kukweza nsungwi n'kuitsitsa kambirimbiri mpaka mapewa awawe. Kumeneko n'kumene ambiri okonda kudula mabotolo amathawira.

Tichite chiyani tsono?

Kwa inu a chidwi ndi lupanga: ndalama yomwe mukusunga ija, gawo lina mufufuzire kalabu ya kendo, judo, karate kapena taekwondo yomwe ili pafupi nanu, mukaonekere kwa mphunzitsi. Ngati kwanu kulibe, sonkhanani anthu khumi, mulembere mabungwe a masewerowa kapena ofesi ya zamasewero ya boma lanu kuti akutumizireni wokuyambitsani. Musaphunzire kumenyana ndi ndodo pa YouTube popanda wamkulu, mungachotsane maso. Nsungwi tili nazo. Amisiri osema, monga omwe anaphunzira ku Kungoni ku Mua, sangalephere kusema bokken ataona chitsanzo chimodzi.

Kwa inu okonda kusonkhanitsa ndi kuyerekeza: yambani ndi zathu. Gulani nkhwangwa ya pa Chimbiya, ina ya ku Lizulu, ina ya ku Mitundu, ina ya ku Jenda. Muone mmene mipini imasiyanira, mmene wosula aliyense amapindira chitsulo chake, kuti ina imachedwa bwanji kubuntha. Lembani dzina la wosula, mudzi wake, chaka, ndi chitsulo chomwe anagwiritsa ntchito. Mukapita ku nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare ku Mua mudzaona mmene zinthu za Achewa, Angoni ndi Ayao zimaonekera zikasungidwa mwaulemu. Zimene mungasonkhanitse inuyo, pakatha zaka 30 sizidzapezeka pa intaneti pamtengo uliwonse.

Kwa inu a makamera ndi ma page: mavidiyo oyerekeza makatana alipo kale zikwizikwi, ndipo simungapose eni ake. Vidiyo ya bambo wa ku Dedza akusandutsa sipulingi ya lole kukhala nkhwangwa, akufotokoza m'Chichewa chifukwa chomwe amaviikira chitsulo pa mtundu wakutiwakuti, ndi yosowa. Kapempheni bwinobwino. Mufike ndi "zikomo bambo", mukhale pansi, muwauze chomwe mukufuna kuchita ndi kanemayo, muwalipire nthawi yawo, ndipo dzina lawo lioneke ngati avomera. Muwalimbikitse kuti azidinda kachizindikiro pa chida chilichonse chomwe asula, kuti wogula akakhutira adziwe kobwerera.

Kwa a TEVETA ndi makhonsolo: wosula wa m'mudzi ndi mphunzitsi amene simunamulembe. Muzindikireni, mumupatse pepala, mumutumizire achinyamata oti aphunzire, mumuthandize kupeza njira yosadya makala ambiri poti mitengo m'mapiri a Dedza ikutha. Ndipo kwa apolisi ndi andale a mbali zonse: mnyamata wonyamula chikwanje pamsonkhano amangidwe tsiku lomwelo, posayang'ana mtundu wa nsalu yomwe wavala, ndipo womutuma atsatire.

Katana idzakhalapobe. Mukadzaphunzira zaka zisanu, mphunzitsi wanu n'kukuuzani kuti tsopano mwakhwima, mudzaitanitse, ndipo mudzadziwa chomwe mukugula. Koma wosula wa pa Chimbiya uja ndi wachikulire, ndipo palibe amene akulemba zomwe akudziwa. Pa awiriwa, wofunika kumuthamangira ndi iyeyo.